Giovanni Pisano, mwana amene analemba pamwala kuti waposa bambo ake

M'tauni ya Pistoia, kumpoto chakumadzulo kwa Florence m'dziko la Italy, muli tchalitchi chaching'ono cha Sant'Andrea. Kunja kwake si kochititsa kaso kwenikweni, koma m'katimo muli gome lolalikirapo la mwala wa mabo, loimikidwa m'mwamba pa nsanamira 7. M'munsi mwa zithunzi zosemedwa pa gomelo mwazungulira mzere wa mawu a Chilatini amene anazokotedwa mu 1301. Mawuwo akuti amene anasema gomeli ndi Giovanni, munthu wosagwira ntchito yachabechabe, wobadwira ku Pisa, mwana wa Nicola, wodalitsidwa ndi luso loposa la bambo akewo.

Mwana kunena poyera kuti waposa kholo lake, chonsecho akulankhulira m'nyumba ya Mulungu, ndi mawu olemera. Amalemera kwambiri tikakumbukira kuti Nicola Pisano sanali mmisiri wamba. Pa nthawi yawo, mu Italy monse munalibe wosema miyala wofanana nawo, ndipo ndi iwo amene anagwiritsa mwanayo nyundo ndi tchizulo koyamba. Ndiye kodi Giovanni ankangodzitama, kapena ankanena zoona? Ine ndimaona kuti ankanena zoona, ngakhale kuti si pa mbali zonse, ndipo kuti timvetse bwino tiyambe ndi bambo akewo.

Zimene Nicola anapeza m'mabokosi a maliro

Dzina loti Pisano limangotanthauza munthu wa ku Pisa. Koma zikalata zina zimatchula Nicola kuti wa ku Apulia, chigawo cha kum'mwera kwa Italy chimene chinali m'manja mwa mfumu Frederick II, yemwe anamwalira mu 1250. Mfumuyi inkakonda kwambiri zinthu zakale za Aroma ndipo amisiri a m'dera lake ankalimbikitsidwa kutsanzira kasemedwe kawo. Nicola atafika ku Pisa anapeza kuti mzindawo uli ndi sukulu yosayembekezeka. Mozungulira tchalitchi chachikulu munali mabokosi a maliro amwala amene Aroma anasema zaka pafupifupi 1,000 m'mbuyomo. Anthu otchuka a ku Pisa ankawatenga n'kuikamo abale awo. Pa mabokosiwo panali zithunzi za anthu okhala ndi matupi enieni: mapewa, mawondo, minofu, nsalu zogwera pathupi monga mmene nsalu imagwera.

Izi zinali zosiyana ndi zimene osema ambiri a nthawi imeneyo ankachita. Anthu awo ankakhala owuma, ophwatalala, ngati zizindikiro zongokumbutsa nkhani. Nicola anayang'anitsitsa mabokosiwo, ndipo mu 1260 anamaliza gome lolalikirapo la m'nyumba ya ubatizo ya ku Pisa, la mbali 6. Pa chithunzi cha anzeru a kum'mawa, Mariya wakhala pampando mofanana ndi Phaedra, mkazi wa m'nthano za Agiriki amene ali pa limodzi la mabokosi aja, lomwe lero lili m'manda a Camposanto. Pa ngodya ina pali mwamuna wamaliseche, wamphamvu ngati Hercules, ngwazi ya m'nthano za Agiriki ndi Aroma. Anthu a Nicola ndi olemera, odekha, aulemu. Mariya wawo pa chithunzi cha kubadwa kwa Yesu wagona chotsamira chigongono, wamkulu kuposa wina aliyense, nkhope yake yosatekeseka ngati ya mfumukazi.

Mwina wina angafunse kuti gome lolalikirapo linali ndi phindu lanji loti liwonongerwe ndalama zochuluka chonchi. Pa gome ndi pamene ankawerengera Uthenga Wabwino, ndipo ankawerenga m'Chilatini, chilankhulo chimene anthu wamba ambiri sankachimva bwino. Wopemphera ataima pansi n'kukweza maso ankaona nkhani yomweyo itasemedwa pamwala. Panalinso nkhani ya mpikisano. Italy sinali dziko limodzi. Pisa, Siena, Florence, Genoa ndi Perugia inali mizinda yodzilamulira yokha, yolemera ndi malonda, yolimbana pa nkhondo komanso pa ulemerero. Mzinda ukamva kuti anzawo ali ndi gome lokongola, nawonso unkafuna lake, lalikulu kuposa la anzawowo.

N'chifukwa chake Siena inaitana Nicola. Pangano la ntchitoyo linalembedwa pa 29 September 1265, ndipo m'menemo ndi mmene dzina la Giovanni likuonekera koyamba. Anabadwa cha m'ma 1250, choncho anali adakali mnyamata. Panganolo linati Nicola azilandira masoldi (ndalama za nthawiyo) 8 pa tsiku, ophunzira awo awiri, Arnolfo ndi Lapo, masoldi 6 aliyense, ndipo Giovanni akagwira nawo ntchito, malipiro ake akhale masoldi anayi operekedwa kwa bambo ake. Arnolfo ameneyu ndi Arnolfo di Cambio, amene patapita zaka 30 anadzayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha ku Florence. Msasa umodzi wa amisiri unatulutsa anthu awiri amene anadzasintha maonekedwe a mizinda ya Tuscany, chigawo chimene muli Pisa, Siena ndi Florence. Gome la ku Siena, la mbali 8, linatha mu 1268.

Ntchito yomaliza imene bambo ndi mwana anagwirira limodzi inali ku Perugia. Mzindawu uli paphiri ndipo madzi anali ovuta. Akuluakulu ake anakoka madzi kuchokera ku phiri la Pacciano, ndipo pofuna kukondwerera zimenezi anamanga kasupe wamkulu pabwalo la pakati pa mzinda, wotchedwa Fontana Maggiore, amene anatha mu 1278. Beseni la m'munsi lili ndi mbali 25 ndi zithunzi 50. Zambiri mwa izo ndi za miyezi ya pachaka ndi ntchito zake: kudulira mitengo, kumweta udzu, kukolola tirigu, kuponda mphesa, kulima, ndipo mu December kupha nkhumba. Palinso Adamu ndi Hava, Samisoni, Romulus ndi Remus a m'nthano ya chiyambi cha mzinda wa Rome, ngakhale nthano za Mgiriki Aesop. Pamwamba pake pali ziboliboli 24. Apa dzina la Giovanni lalembedwa pambali pa la bambo ake, osatinso ngati mnyamata wa masoldi anayi. Nicola anamwalira pakati pa 1278 ndi 1284.

Aneneri otulutsa makosi ku Siena

Chaka cha 1284 chinali chowawa kwa anthu a ku Pisa. Mu August zombo zawo zankhondo zinagonjetsedwa ndi za Genoa pafupi ndi Meloria, ndipo amuna ambirimbiri anaphedwa kapena kutengedwa ukapolo. Mzinda umene unkalamulira nyanja unayamba kufooka. Cha pa nthawi yomweyo Giovanni, amene ankasema ziboliboli zokhala kunja kwa nyumba ya ubatizo ija, anasamukira ku Siena. Kumeneko anamupatsa unzika, anamuchotsera msonkho, ndipo anakhala mmisiri wamkulu wa tchalitchi chachikulu, udindo umene Ataliyana amautcha capomaestro.

Apa m'pamene tiyenera kumvetsa chifukwa chake anthu onga Giovanni amatchedwa osema komanso okonza mapulani a nyumba nthawi imodzi. Masiku ano ndi ntchito ziwiri zophunziridwa padera. Kalelo zonse zinkachokera pa mwala. Munthu ankayamba ali mwana, kuphunzira kusiyanitsa mwala wabwino ndi wa ming'alu, kuudula kuti ukhale wowongoka, kenako kuuzokota. Amene wafika pamwamba ndiye ankajambula mmene khoma lidzaonekere, kusankha miyala kumgodi, kugawa ntchito kwa amisiri ena, komanso kuyankha mafunso a bungwe loyang'anira chuma cha tchalitchi, lotchedwa Opera del Duomo. Mutu umodzi susenza denga: pansi pa mmisiri wamkulu pankakhala osema, omanga, osula zitsulo amene ankanola matchizulo tsiku ndi tsiku, ndiponso onyamula miyala pa ngolo za ng'ombe.

Ntchito ya Giovanni inali kumanga khoma la kumaso kwa tchalitchicho. Gawo la m'munsi, la makomo atatu akuluakulu olowa m'kati mwa khoma, ndi lake. Anasakaniza miyala yoyera, yobiriwira moderako ndi yofiirira, monga amakondera anthu a ku Tuscany, ndi kamangidwe kosongoka kamene kanachokera ku France. Koma chimene chinali chachilendo ndi ziboliboli. M'matchalitchi a ku France, oyera mtima amaima m'mbali mwa khomo atamatirira ku nsanamira, ali phee ngati asilikali. Giovanni anawachotsa pakhomo n'kuwakweza m'mwamba pakhoma, aliyense pa kashelefu kake, ndipo anawalola kuyenda. Tchalitchicho ndi cha Mariya, choncho anasankha anthu amene Akhristu a nthawiyo ankakhulupirira kuti analosera za iye ndi Mwana wake: Mose, Davide, Solomoni, Yesaya, Habakuku, Simeoni, ndiponso anthu amene sanali Ayuda n'komwe, monga Balamu, anzeru a Chigiriki Plato ndi Aristotle, ndi mlosi wamkazi wa Aroma ndi Agiriki wotchedwa Sibyl.

Ziboliboli zenizenizo zinachotsedwa pakhomapo chifukwa mvula ndi mphepo zinazidya. Zimene zili panja lero ndi zotsanzira, ndipo zoyambirirazo zili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Museo dell'Opera, pafupi pomwepo. Munthu akazionera pafupi amadabwa: makosi ndi aatali mopitirira muyezo, mitu yatsogola, pakamwa patseguka, ndevu ndi nsalu zakumbidwa mozama kwambiri. Si kulakwitsa ayi. Giovanni ankadziwa kuti wozionayo adzakhala pansi, patali, dzuwa likuwala. Khosi lalitali limatulutsa nkhope kuti isabisike kuseri kwa chifuwa, ndipo mabowo ozama amagwira mthunzi kuti maso ndi milomo zioneke kuchokera pabwalo. Ankasema akuganizira malo amene chibolibolicho chidzaime, ndipo pamenepa wosema ndi womanga anali munthu mmodzi.

Chimene ambiri amachikonda pa zonsezi ndi cha mkazi amene amadziwika kuti Miriamu, mlongo wake wa Mose. Thupi lake likuloza kwina, mutu watembenukira kwina mwadzidzidzi, ngati munthu amene wamva dzina lake likuitanidwa ali paulendo. Aneneri enawonso akutembenukirana, wina akuoneka ngati akufuula, wina akumvetsera. Khoma lonse linasanduka bwalo la anthu okambirana nkhani imodzi.

Giovanni sanamalize khomalo. Cha m'ma 1297, pakati pa kusamvana ndi akuluakulu a mzinda pa za kayendetsedwe ka ntchito ndi chuma chake, anachoka ku Siena n'kubwerera kwawo, ndipo gawo la m'mwamba anadzamaliza ndi amisiri ena. Ku Pisa anapatsidwa udindo womwewo wa mmisiri wamkulu. Mu 1298 anali m'gulu la amisiri amene anayeza kupendekeka kwa nsanja yotchuka ya mabelu ya ku Pisa, imene inali itayamba kale kutsamira mbali imodzi isanathe n'komwe kumangidwa. Tingowonjezera pano kuti kwa zaka zambiri anthu ankati iye ndi amene anamanga manda a Camposanto, chifukwa wolemba mbiri ya amisiri Giorgio Vasari anatero m'zaka za m'ma 1500. Anamusokoneza ndi Giovanni wina, Giovanni di Simone.

Gome la ku Pistoia

Tibwerere tsopano ku Sant'Andrea. Giovanni akanatha kupanga gome la mtundu wina uliwonse, koma anasankha la mbali 6, lokhala ndi zithunzi zisanu, monga lija bambo ake anapanga ku Pisa zaka 40 m'mbuyomo. Make mbuu mwana mbuu, wina angatero akaona koyamba. Komatu kufananako kunali kwadala. Mtunda wochokera ku Pistoia kupita ku Pisa si wautali, ndipo aliyense woona magome awiriwa sangalephere kuwayerekezera.

Kusiyana kumayambira pansi. Nsanamira za Giovanni n'zoonda ndiponso zazitali, ndipo pamene bambo ake anaika zipata zozungulira pamwamba pa nsanamira, iye anaika zosongoka, kotero gome lonse likuoneka ngati likukwera. Nsanamira ina yatsamira pa mkango umene wagwira hatchi, ina pa mkango waukazi woyamwitsa ana ake, ina pa msana wa mwamuna wandevu amene wagwada, wapindika ndi kulemera kwa zonse zili pamwamba pake. Nkhope ya mwamuna ameneyu ndi ya munthu amene wasenza katundu tsiku lonse ndipo alibe pomutula. Pamwamba pa nsanamira pali alosi aakazi a mtundu wa Sibyl uja, ndipo kuseri kwa mapewa awo angelo akuwanong'oneza. Mmodzi mwa iwo wadzidzimuka, wapotoza thupi, ngati uthenga umene akumvawo ndi woopsa kuulandira.

Chithunzi choyamba ndi cha kubadwa kwa Yesu. Zonse zimene Nicola anaika zilipo: mngelo Gabrieli, Mariya atagona, abusa ndi nkhosa, Yosefe atakhala pangodya, azamba awiri akusambitsa mwana. Koma Mariya wa Giovanni si mfumukazi. Ndi mtsikana woonda amene wangochira kumene, ndipo watambasula dzanja kuti akweze kansalu aone nkhope ya mwana wake. Pamene mngelo akumuuza uthenga, iye akubwerera m'mbuyo ndi mantha. M'munsimo mzamba mmodzi wanyamula khandalo pamkono, dzanja linalo waliviika m'beseni kuti amve ngati madzi sakutentha kwambiri, mnzake akuthira madzi. Aliyense amene anasambitsapo khanda amalidziwa dzanja limenelo. Sindikhulupirira kuti munthu angaseme zotere atangoziphunzira pa bokosi la maliro la Aroma. Anaziona m'nyumba ya anthu.

Chithunzi chachitatu ndi chimene chimaimitsa anthu nthawi yaitali. Ndi nkhani ya pa Mateyu 2, pamene Herode analamula kuti ana aamuna onse a ku Betelehemu a zaka ziwiri kutsika m'munsi aphedwe. Nicola sanaike nkhaniyi pa gome lawo la ku Pisa. Giovanni anaipatsa mbali yathunthu. Herode wakhala pampando m'mwamba kudzanja lamanja, watembenuka, dzanja lake likuloza pansi, ndipo kuchokera pa dzanjalo chipwirikiti chonse chikutsetsereka ngati madzi osefukira. Asilikali akukoka ana m'manja mwa amayi awo. Wina wagwira khanda mwendo, mutu uli pansi. Mayi wina akuphimba mwana ndi thupi lake, wina wakweza nkhope kwa mfumu kuchonderera. Pamzere wa pansi penipeni pali amayi amene nkhondo yawathera kale. Agwada, tsitsi lili nyankhalala, aweramira mitembo ya ana awo. Palibe malo opumirapo diso.

Kuti zimenezi zitheke pamwala pankafunika luso la manja limene sitiyenera kulipeputsa. Mabo, amene ambiri ankachokera ku mapiri a Carrara kumpoto kwa Pisa, ndi mwala wolola kusemedwa mosalala koma wosakhululuka. Ukadula mopitirira, sungabwezeretse. Giovanni ankakumba mozama kwambiri kuseri kwa anthu ake pogwiritsa ntchito chobowolera chozunguzidwa ndi chingwe, mpaka mikono ndi mitu ina inatsala pang'ono kulekana ndi mwala umene inachokera. Mdima wa m'mabowomo ndi umene umapangitsa anthuwo kuoneka ngati akutuluka kudza kwa iwe. Sankasalaza paliponse. Pena anasiya zipsera za tchizulo, makamaka pa tsitsi ndi pa nkhope zolira. Tizikumbukiranso kuti kalelo magomewa sanali oyera mbee monga alili lero, chifukwa kuseri kwa zithunzi kunkakhala tizidutswa tagalasi tamitundumitundu towala kandulo ikayaka.

Pa chithunzi cha kupachikidwa, thupi la Yesu lalendewera, nthiti zili poyera, mawondo apindika, ndipo Mariya wakomoka n'kugwera m'manja mwa amayi anzake. Izi zinkagwirizana ndi kapembedzedwe ka nthawiyo. Kuyambira masiku a Francis wa ku Assisi, amene anamwalira mu 1226, alaliki a gulu lake lachipembedzo ndi a gulu la Dominic Woyera ankalimbikitsa anthu kuganizira za Yesu monga mwana weniweni amene anamva kuzizira ndiponso munthu weniweni amene anamva ululu, komanso kuti womvera ulaliki alire nawo. Giovanni anapereka kwa maso chimene alalikiwo ankapereka kwa makutu.

Ndiye kodi anawaposa bambo ake? Pa kudekha, pa ulemu wa thupi la munthu ataima chilili, Nicola sanaposedwe. Ndipo popanda iwo Giovanni sakanakhala ndi poyambira, chifukwa sungapotoze thupi limene sudziwa kuliimika. Koma pa kuchititsa mwala kuti uchite mantha, ulire, utembenuke, mwanayo anafika pamene bambo ake sanafike.

Dandaulo lozokotedwa ku Pisa

Mu 1302 akuluakulu a tchalitchi chachikulu cha ku Pisa, motsogozedwa ndi woyang'anira chuma Burgundio di Tado, anamupatsa ntchito yopanga gome latsopano. Lakale, la mmisiri Guglielmo la m'zaka za m'ma 1100, linadzatumizidwa ku Cagliari pachilumba cha Sardinia, kumene lidakalipo. Giovanni anagwira ntchitoyi mpaka cha m'ma 1310, ndipo ndi gome lalikulu kuposa onse anayi a banjali. Miyala ya zithunzi ndi yokhota, kotero gomelo limaoneka ngati lozungulira ndipo nkhani imayenda mosadukiza kuchokera pa kubadwa kwa Yohane Mbatizi mpaka pa chiweruzo chomaliza. Nsanamira zambiri zasanduka anthu. Pali Khristu ataima pamwamba pa alembi anayi a Uthenga Wabwino, pali mngelo Mikayeli, pali Hercules woonda ndi wotopa, wosiyana kwambiri ndi mnyamata wamphamvu uja wa bambo ake. Pali mayi wovala chisoti chachifumu akuyamwitsa ana awiri, amene amaimira Mpingo, ndipo pansi pake pali akazi anayi oimira makhalidwe abwino. Mmodzi mwa anayiwa ndi wamaliseche, akudziphimba ndi manja monga ziboliboli zakale za Venus, mulungu wamkazi wa Aroma. Mwana wa Nicola anali asanaiwale Aroma aja.

Kunena zoona, gome ili silindigwira mtima ngati la ku Pistoia. Lachulukitsa zinthu, ndipo mbali zina zikuonekeratu kuti zinasemedwa ndi manja a omuthandiza. Komanso chimene tikuona lero si ndendende chimene iye anasiya. Mu October 1595 moto unawononga tchalitchicho, ndipo pokonzanso, gomelo linaphwasulidwa, zidutswa zake n'kumwazikana. Linadzalumikizidwanso mu 1926, patatha zaka zoposa 300, ndipo zidutswa zina zinali zitapita kale kunja, kuphatikizapo ku Metropolitan Museum ku New York.

Chimene chilibe chinzake pa gomeli ndi mawu ake. Pali mizere iwiri italiitali. Wa m'mwamba ukutamanda Mulungu amene analenga munthu wotha kupanga zinthu zotere, kenako ukutamanda Giovanni, wosema pa mwala, pa mtengo ndi pa golide, amene sakanatha kusema chinthu chonyansa ngakhale atafuna. Ukuti osema alipo ambiri koma ulemu watsalira iye. Wa m'munsi ukusintha mawu. Ukuti Giovanni wayesa zambiri, wagwira ntchito yolemetsa, ndipo tsopano akufuula kuti sanachenjere, chifukwa pamene ankaonetsa luso lochuluka m'pamenenso adani ankamupweteka kwambiri.

Amisiri a nthawi imeneyo ankalemba maina awo pa ntchito, ndipo kudzitamanda pang'ono m'mawu otere sikunali kwachilendo. Chachilendo ndi kudandaula. Mmisiri ankawerengedwa ngati wantchito wolipidwa pa tsiku, wa gulu limodzi ndi omanga ndi akalipentala. Apa tikumva mmodzi mwa iwo akunena kuti luso lake ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, kuti lili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo wapwetekedwa mtima. Anasankha kulemba zimenezi pa malo amene ansembe adzawerengerapo Mawu a Mulungu kwa mibadwo yambiri. Wina angati ndi munthu wovuta, ndipo mbiri ya mikangano yake ku Siena ndi ku Pisa ikusonyeza kuti sanali wophweka kugwira naye ntchito. Koma ndikaganiza za amayi aja a ku Betelehemu, sindidabwa kuti amene anawasema anali munthu womva zinthu mopitirira anzake.

Ali mkati mwa ntchito ya ku Pisa, cha m'ma 1305, anasemanso Mariya ndi Mwana pamodzi ndi angelo awiri oti akaikidwe paguwa la kachisi wa banja la Scrovegni ku Padua, yemwe makoma ake anajambulidwa ndi wojambula wotchuka Giotto. Mariya wanyamula mwana kudzanja lamanzere, chiuno chapendekera mbali imodzi monga amachitira mayi aliyense wonyamula mwana wolemera, ndipo awiriwo akuyang'anizana m'maso. Sakuyang'ana opemphera. Kale Mariya ankasemedwa ngati mpando umene Mfumu yakhalapo, onse awiri atayang'ana kutsogolo. Giovanni anabwereza kuyang'anizana kumeneku kangapo. Anasemanso kachiboliboli ka mnyanga wa njovu ka ku Pisa, kumene kupindika kwa thupi la Mariya kukutsatira kupindika kwa mnyangawo.

Mfumukazi yodzutsidwa

Ntchito yake yaikulu yomaliza inabwera chifukwa cha maliro. Mfumu Henry VII wa ku Luxembourg anatsikira ku Italy kuti akavekedwe chisoti ku Rome, ndipo Pisa inali kumbali yake. Ali panjira, mkazi wake Margaret wa ku Brabant anamwalira ku Genoa mu December 1311. Giovanni anapatsidwa ntchito yopanga manda ake mu tchalitchi cha San Francesco di Castelletto, ndipo analipidwa mu 1313. Munthu wa ku Pisa, wazaka zopitirira 60, ankagwira ntchito yoti ikaime mumzinda umene unagonjetsa kwawo ku Meloria.

Tchalitchicho chinagwetsedwa, mandawo anaphwasuka, ndipo zidutswa zotsala zimasungidwa ku Museo di Sant'Agostino ku Genoa. Chachikulu mwa izo chikusonyeza Margaret akudzutsidwa. Mwambo unali wosema wakufayo atagona chagada, manja pachifuwa, maso otseka. Giovanni anamusema akutuluka m'manda, angelo awiri atamugwira mikono uku ndi uku. Mitu ya angelowo inathyoka ndipo kulibe, koma nkhope ya mfumukaziyo ilipo yonse. Yakwezedwa m'mwamba, maso atseguka, milomo yalekana pang'ono ngati munthu amene akukoka mpweya woyamba atadzuka ku tulo tatikulu.

Henry VII nayenso anamwalira mu August 1313 ku Buonconvento, pafupi ndi Siena. Ntchito ya manda ake ku Pisa inapita kwa wosema wachinyamata wa ku Siena, Tino di Camaino, amene anatengera zambiri kwa Giovanni, ndipo mu 1315 ndi iye amene anali mmisiri wamkulu kumeneko. Giovanni akuonekera komaliza m'zikalata mu 1314, ali ku Siena, mzinda umene anauchokera atakangana nawo zaka 17 m'mbuyomo, ndipo anamwalira patangopita zaka zochepa. Pangodya ya kumanzere kwa khoma lija sanalimalize pali mwala wolembedwa mawu ochepa a Chilatini: awa ndi manda a mmisiri Giovanni, mwana wa malemu mmisiri Nicola, ndi a olowa m'malo mwake.